Kupha Mfumu ya Alamu

A Bahgat anayamba chesi atakalamba kale, atapuma pa ntchito yoyendetsa tramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, ndipo chinawayambitsa ndi nsanje basi. Moyo wawo wonse anali munthu wa domino. Koma ku tiyirumu ya Shehata, kuseri kwa msika wa nsomba ku Alexandria, tebulo la domino linali pakhomo pomwe pamadutsa utsi wa magalimoto ndi amphaka, pamene la chesi linali mkati, pafupi ndi zenera, pansi pa fani yokhayo imene inkazungulira. Pa tebulo limenelo pankakhala alamu awo, a Wagdi, mlongo wa akazi awo. A Wagdi kale ankaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo mpaka lero ankayang'ana anthu ngati ana amene afika mochedwa m'kalasi.

Kuphunzitsa anawaphunzitsa ndithu, tisawanamizire. Anawaonetsa mmene hatchi imalumphira, mmene njovu imayendera chopingasa, ndi mmene nsanja imathamangira mowongoka. A Bahgat anaikonda nsanja tsiku lomwelo, poti inkayenda ngati tramu, osakhota. Anawauzanso kuti mfumu ndi yobisa: uilowetse pakona, uitchinge ndi asilikali, isaone dzuwa.

Poyamba masewera aliwonse, a Wagdi ankachotsa nduna yawo pa bolodi, chidole champhamvu kuposa zonse, n'kuiimika pambali pa kapu ya tiyi.

"Nduna yanga ipume lero, alamu. Ntchito yake ndi yaing'ono."

Ndiye mumvetse chimene chinkawawa a Bahgat. Kugonja si kanthu, munthu amagonja n'kukadya nyemba zake. Chowawa chinali chakuti kawirikawiri iwo ndi amene ankatsogola. Poti anali ndi nduna mnzawo alibe, ankasinthanitsa zidole mosaumira, ichi pa icho, mpaka bolodi itayera. Pamapeto ankatsala ndi mfumu ndi nsanja, a Wagdi n'kutsala ndi mfumu yokhayokha, yamaliseche. Pa Shehata panali mwambo wake: munthu ukafika pamenepo sudikira kuphedwa. Umagoneka mfumu yako ndi chala, n'kupereka dzanja, n'kuitanitsa tiyi wina. A Wagdi ankagonekera wina aliyense mfumu yawo zikavuta. Koma akakhala a Bahgat, ankapinda manja pachifuwa.

"Ipheni, alamu. Iyo ili apoyo."

Apo ndiye pankayambira chisudzo. A Bahgat ankanyamula nsanja m'mwamba, n'kuimenyetsa pa bolodi monga amachitira a domino, makapu n'kunjenjemera, n'kukuwa mawu ochenjeza kuti mfumu ili pangozi.

"Kishi!"

Mfumu ya a Wagdi inkasuntha kabokosi kamodzi.

"Kishi!"

Inkasunthanso kamodzi, mosapupuluma, ngati munthu wopita ku msika alibe chogula. Kishi uku, kishi uko, thukuta kamukamu, mpaka mfumu ija itayandikira nsanja n'kuidya, kapena mpaka lamulo litanena kuti kuthamangitsana kwakwana, palibe wapambana. Mfumu ya a Bahgat nthawi yonseyo inkakhala phee pakona pake, yosadziwa kuti kunja kuli nkhondo.

Amene ankasangalala kwambiri anali a Zaghloul, ometa tsitsi a pafupi pomwepo, amene ankasiya munthu ali ndi sopo kumaso kuti adzaonerere. Iwo ndiwo anapereka dzina.

"Abale, a Kishi-kishi afika! Shehata, gwira makapu!"

Dzinalo linamata. Ngakhale ogulitsa mandimu panjira ankawapatsa moni nalo, ndipo a Bahgat ankaseka nawo, koma usiku likawabwerera m'mutu chifuwa chinkawatentha.

Kenako kunabwera nkhani. Mwana wamkazi wa a Wagdi, amene anakwatiwa ku Canada, anatopa ndi kumva kuti bambo ake akukhala okha, akudya za m'zitini. Anakonza mapepala onse. A Wagdi azipita dzinja lisanayambe, ndipo aliyense ankadziwa, ngakhale palibe ankanena, kuti munthu wa msinkhu umenewo akawoloka nyanja sabwera kawirikawiri.

A Bahgat atamva, chinthu choyamba kuwabwerera m'mutu sichinali chisoni ayi. Chinali chakuti: munthu uyu apita ndisanamuphe. Anachita nazo manyazi, koma maganizowo sanachoke. Anagula bolodi ya pulasitiki, n'kuiyala pa tebulo la kukhitchini, n'kutsamiritsa foni pa botolo la mafuta. Pa foniyo panali mayi wina wophunzitsa chesi, wolankhula mofatsa ngati nesi, amene anayamba ndi kunena kuti wofuna kuphunzira mathero achotse zidole zonse, atsale ndi zitatu.

"Zitatu? Akundiyesa mwana ameneyu?"

Akazi awo, a Nagwa, anali kukulunga mpunga m'masamba a kabichi mbali ina ya tebulo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a Randa, zitatu zomwezo ndi zimene zakhala zikukulizani."

Phunziro loyamba linawadzidzimutsa. Mayi wa pa foni anati nsanja payokha singaphe mfumu, ngakhale itathamanga mpaka mawa. Ntchito ya nsanja ndi kumanga mpanda. Wopha weniweni ndi mfumu yako, ndipo iyenera kutuluka pakona, iyende pansi mpaka ikayang'anizane ndi inzake.

"Mfumu kuyenda pansi?" anatero a Bahgat, akuyang'ana foni ngati yawatukwana. "Koma alamu anati mfumu ndi yobisa!"

"Achimwene anakuuzani theka, theka linalo anasungira Zaghloul kuti aziseka. Ndipo inu munazikonda poti amuna a m'nyumba muno mumayesa ufumu ndi kukhala pa sofa."

A Nagwa chesi sankaidziwa, ndipo analibe nayo ntchito. Koma panafunika munthu wosuntha mfumu yothawayo, ndiye anauzidwa kuti imayenda kabokosi kamodzi kulikonse. Ankaikankha ndi msana wa chala poti manja anali a mpunga. Ndipo mayiwa kuthawa ankakudziwa. Nsanja ikangoyandikira mosasamala, ankaidya n'kuiponya m'mbale ya zotsalira za kabichi.

"Aaa, mayi a Randa, simungachite ngati simunaione?"

"Achimwene adzachita ngati sanaione?"

Patapita masiku pang'ono, a Bahgat anaona kuti adziwa. Anapita kwa Shehata atavala malaya osita, ndipo masewera atangoyamba, bolodi idakali yodzaza ndi mahatchi ndi njovu, anatulutsa mfumu yawo pakona n'kuyamba kuiyendetsa pakati pa bwalo monyadira. A Wagdi anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Alamu, mfumu yanuyi ikupita kuti? Kukagula buledi?"

Tiyi asanazizire inali itafa. A Zaghloul anaseka mpaka anakhala pansi pa mpando wa munthu wina. A Bahgat anabwerera kunyumba atakwiya ndi mayi wa pa foni, koma atabwezera kanemayo m'mbuyo anapeza kuti mayiyo ananena momveka bwino kuti mfumu imatuluka kukacha, adani akatha pa bolodi. Iwo ndi amene sanamve, poti ankalankhula pa nthawi imeneyo.

Anayambiranso, tsopano mutu uli pansi. Anaphunzira kuika nsanja pa mzere n'kuisiya pomwepo, kuti mfumu ya mdani isadumphe. Anaphunzira kubweretsa mfumu yawo pang'onopang'ono, ndi kupereka kishi pokhapokha mafumu awiriwo atayang'anizana, kabokosi kamodzi kali pakati, kuti wothawayo abwerere m'mbuyo mzere umodzi. Mpanda unkachepa, unkachepa, mpaka mfumu ya a Nagwa inkapezeka kukhoma. Koma pakhoma pamenepo ndi pamene zinkawakanika. Mafumu akakhala kuti sanayang'anizane bwino, dzanja linkawayabwa, ankamenyetsa nsanja, mbale n'kulira, ndipo mfumu ya a Nagwa inkatulukira pampata n'kubwerera pakati pa bolodi.

Mayi wa pa foni anali ndi mankhwala ake. Anati zikatero usachite kanthu. Sunthani nsanja pa mzere wake womwewo, kutali, mwakachetechete, osaopseza aliyense. Poti mu chesi munthu sangakane kuyenda, mnzanuyo ayenda yekha kulowa pomwe sakufuna.

"Ndiye ndisunthe chabe? Popanda kishi? Anthu adzati ndasokonezeka."

"Adzati mwachira," anatero a Nagwa.

Tsiku lina madzulo zinatheka. Nsanja inatsetsereka mwakachetechete, a Nagwa anayang'ana uku ndi uko, nakankha mfumu yawo, kenako nakankhanso, ndipo inafa. A Bahgat anaimirira kuti avine, koma anaona akazi awo akupukuta m'maso ndi mkono.

"Iii, mayi a Randa, ndi masewera chabe."

"Ndani akulirira zidole zanuzo? Ndikuganiza za achimwene. Kumeneko adzawakulungira kabichi ndani?" Anafwenthera, nabwezera mfumu pakati pa bolodi. "Tiyeni, bwerezani. Ngati mukuwapha, mukawaphe bwino. Ndi mlongo wanga ameneyo, musakamuzunze."

Anabwereza madzulo amenewo ndi madzulo ena ambiri, mpaka manja anazolowera. Koma kudziwa mathero n'kwina, kufikako n'kwina. Kwa Shehata masewera ankathera pakati: lero a Wagdi awapha ndi hatchi, mawa ndi msilikali amene palibe anamuona akubwera. Masiku ankatha ngati shuga wa m'nyumba ya alendo, ndipo nsanja ndi mfumu zija osapezeka.

Tsiku la ulendo linafika. Galimoto yopita nawo ku bwalo la ndege ku Cairo inayenera kudzawatenga pa tiyirumu pomwepo masana, poti a Wagdi anati sangachokere kwina. Masutikesi anaimikidwa pakona, pamwamba pake pali poto wa kabichi wa a Nagwa womangidwa m'nsalu, ngakhale aliyense anawauza kuti m'ndege salola. A Nagwa anatsanzikana ndi mlongo wawo m'mawa kunyumba, nati za pamsewu sangazithe. Anthu anadzaza, a domino omwe analowa mkati. Anapsompsonana m'masaya, anajambulitsa, Shehata anakana kuti wina aitanitse kanthu poti tiyi wa tsikulo anali wake. Kenako a Wagdi anayang'ana wotchi, nayang'ana alamu awo.

"Amodzi omaliza, alamu? Anthuwa aseke kotsiriza."

A Bahgat anakhala pansi. Nduna ya a Wagdi inapita pambali pa kapu. Anasewera mosamala kuposa kale lonse, mfumu ili pakona pake, akusinthanitsa chidole pa chidole. Pena anataya njovu mopusa, a Zaghloul n'kuwomba m'manja. Pena anatsala pang'ono kufa, koma anaona msanga. Nduna yawo inapita posinthana ndi nsanja ndi hatchi, asilikali anathana okhaokha, ndipo mwadzidzidzi bolodi inayera. Kunatsala mfumu ndi nsanja mbali ino, mfumu yokha mbali inayo.

A Wagdi anapinda manja pachifuwa, akumwetulira.

"Shehata, gwira makapu!" anakuwa a Zaghloul. "Tramu ikunyamuka!"

A Bahgat anaika nsanja pa mzere, mofewa ngati akuika dzira. Kenako anagwira mfumu yawo n'kuitulutsa pakona.

"Yapitanso kogula buledi," wina anatero, anthu n'kuseka.

Mfumu inayenda. Inayendanso. A Wagdi anali kusuntha yawo akucheza ndi a kumbuyo za chisanu cha ku Canada, kuti amati munthu ukalavula malovu amagwa ali mwala. Koma mafumu atayang'anizana, nsanja n'kubwera pambali, mfumu yawo n'kubwerera mzere umodzi, nkhani ya chisanu inathera pakati. Anakoka mpando kuyandikira tebulo.

"Kishi," anatero a Bahgat, mwa ulemu, ngati akupereka moni kwa apongozi.

"Mwadwala kodi, akulu?" anafunsa a Zaghloul. "Mawu apita kuti? Menyani bolodi timve!"

A Bahgat anangoyang'ana bolodi. M'makutu mwawo munkangomveka fani. Mpanda unachepa, unachepanso. A Wagdi anayesa nzeru zawo zonse: anathamangira nsanja kuti aidye, koma inasamukira mbali ina ya mzere womwewo n'kuima phee. Anayesa kuzungulira, anakumana ndi mfumu. Posakhalitsa msana wawo unagunda khoma, pafupi ndi kona.

Ndiye panafika pamalo paja. Mafumu anali pafupi koma osayang'anizana. Kishi analipo, woonekeratu, wonona, ndipo tiyirumu yonse inamuona.

"Kishi uyo! Mpatseni!"

"Akulu, mukudikira chiyani? Galimoto ikubwera!"

"Menyani, a Kishi-kishi, dzina lanu lisafe!"

Dzanja la a Bahgat linanyamuka lokha, zala zitatambasuka mwa domino. Linayabwa mpaka m'phewa. Anthu onsewa ankawakonda chifukwa cha phokoso limenelo, ndipo mtima unkalakalaka kuwapatsa. Anagwira nsanja. Anapuma. Kenako anaikankha kabokosi kamodzi pa mzere wake womwewo, kutali ndi nkhondo, n'kubweza dzanja pa bondo.

Kunamveka kudandaula ngati pa mpira wina akaphonya pagolo.

"Basi, mutu wazungulira," anatero a Zaghloul. "Abale, mpatseni madzi."

Anthu anaseka, koma munthu mmodzi sanaseke. A Wagdi anayang'ana bolodi nthawi yaitali, chala chili pa mlomo. Kumanzere kunali imfa ya pompopompo. Anathawira pakona. Mfumu ya a Bahgat inawatsata kabokosi kamodzi. Tsopano panatsala njira imodzi yokha yoyenda, ndipo njirayo inkabwerera kukayang'anizana ndi mfumu ija. A Zaghloul anaweramira pafupi, nayamba kuwerenga ndi chala, kukamwa kuli yasa.

A Wagdi anapumira m'mwamba. Anatambasula chala, monga mwa mwambo wa pa Shehata, kuti agoneke mfumu yawo. Koma chala chisanafike, a Bahgat anawagwira pamkono.

"Ayi, alamu."

"Ndagonja, bambo. Mwapambana. Landirani dzanja."

"Dzanja ndilandira. Koma zaka zonsezi mwakhala mukundiuza kuti ipheni, ipheni. Lero mukufuna kuti mfumuyi ife yokha ndi malungo? Yendani."

Tiyirumu inaphulika. A Zaghloul ankamenya tebulo la eni ake, a domino ankakuwa kuti ayende, ayende, ndipo Shehata anaima ndi thireyi m'manja osadziwa kopita nayo. A Wagdi anayang'ana alamu awo pamwamba pa magalasi, kuyang'ana kuja kwa m'kalasi. A Bahgat sanaphethire. Pang'onopang'ono nkhope ya mphunzitsi inasungunuka, ndipo anagwira mfumu yawo n'kuiika okha pomwe inayenera kufera.

A Bahgat anatsetsereketsa nsanja mpaka kukhoma.

"Kishi mati."

Zimene zinachitika pamenepo anthu a kumsika wa nsomba anayesa ndi ukwati. A Bahgat anapsompsonedwa pa dazi ndi anthu amene sankawadziwa n'komwe. A Zaghloul analumbira kuti iwo anaziona kalekale kuti munthuyu ali ndi mutu, ndipo awameta ulere mpaka tsitsi lidzathe, lomwe linali litatha kale. A Wagdi okha anali adakayang'ana bolodi, akufufuza kabowo kamene kanalibe.

"Nagwa," anatero pomaliza, akugwedeza mutu. "Mlongo wanga weniweni, bere limodzi. Wandigulitsa kukhitchini."

Chimwemwe cha a Bahgat chinali chachikulu, chokoma, chofika mpaka m'zala za kumapazi. Anakhala nacho nthawi yokwana kumwa madzi. Kenako panja panalira hutala, wina anati galimoto yafika, anyamata a domino anayamba kunyamula masutikesi, ndipo chimwemwe chija chinatsika ngati thovu la mkaka akauchotsa pamoto. Masabata onsewa ankaganiza za mfumu ya pa bolodi. Sanaganizepo kuti ikafa, mwini wake aimirira.

Manja awo anayamba okha kutola zidole, kuziimika m'malo mwake, mwachangu, asilikali akugwa.

"Khalani pansi, alamu. Wogonja amabwezera, ndi mwambo. Amodzi okha."

"Galimoto ikudikira."

"Idikire! Woyendetsayo Shehata ampatsa tiyi. Simuchedwa, mukudziwa inunso kuti simuchedwa. Ndituluke nayo mfumu pakati pa bwalo, mundiphe msangamsanga ngati tsiku lija, anthuwa aseke. Chonde, alamu. Mundiphe kamodzi kokha."

Palibe anaseka. A Zaghloul anatembenukira kuzenera, nayamba kufufuza kanthu m'thumba.

A Wagdi anaimirira, navala jekete, namanga mabatani onse mosafulumira. Maso awo anali ofiira. Anagwira alamu awo m'mapewa onse awiri.

"Ndinu munthu woipa mtima, Bahgat. Mwasankha tsiku loti sindingabwezere." Mawu anawathawa pang'ono, nawagwiranso. "Ndipo sindibwezera. Ndisiyeni ndikwere ndege ndili wokwiya. Ndikakhala pa zenera kumeneko, chisanu chikugwa, ndizikutukwanani m'mawa uliwonse. Munthu amene ali ndi womutukwana safa msanga."

Anakumbatirana nthawi yaitali, mpaka hutala inaliranso. A Bahgat anafuna kunena mawu ena abwino, oyenera tsiku lotere. M'malo mwake anangolanda sutikesi yaikulu m'manja mwa amene anainyamula, yolemera kuposa msana wawo, naikokera okha mpaka ku galimoto.